Mbalame ya Panyanja Yosadziwa Kusambira

Panali bambo wina wa ku Mwanza amene anapita ku Beira kukasaka ntchito, ndipo anamulemba yophika pa sitima ya asodzi. Kwawo ankaweta abakha, ndiye pa nkhani ya mbalame ndi madzi ankadziona ngati katswiri.

Koma panyanja yamchereyo panali mbalame ina imene inkamuzunguza mutu. Inali yakuda, yamapiko ataliatali, mchira wamphanda ngati wa namzeze. Tsiku lonse inkangolenjekeka m'mwamba. Ikaona inzake yagwira nsomba, inkaithamangitsa mpaka italavula, n'kuwakha nsombayo isanagwe. Mbalame zina zinkatera pamafunde n'kupuma, iyo ayi. Bamboyo ankadzifunsa: kodi n'kunyada kapena ulesi? Mbalame yanji yodya za m'madzi koma yokana kunyowa? Kufunsa anzake ankakuona ngati kudzitsitsa.

Tsiku lina m'mawa, kutawomba chimphepo, anapeza imodzi itagwera kuseri kwa khitchini, pakati pa migolo. Ikati idzuke, mapiko ankangomenya pansi. Timiyendo take tinali tatifupi, tosathandiza kanthu. Anaifufuza bala, osalipeza. Anaipatsa nsomba, inakana. Apa mutu unaima. Yosavulala, yopanda njala, nanga ikulekeranji kuuluka? Chisoni chinamugwira ndithu, pakuti anali munthu wamtima wabwino. Kenako anati wapeza nzeru: mbalame ya panyanja kwawo ndi m'madzi. Anainyamula mosamala ngati khanda, n'kuiponya m'nyanja.

Anaima kudikira kuti aione ikusambira. Mbalame ija inatambasula mapiko pamadzi, nthenga zinanyowa ngati bulangete, ndipo ikamakupiza m'pamene inkalemera.

Msodzi wina wachikulire amene ankasoka ukonde chapafupi anathamangira pomwepo ndi mtengo wangowe, koma sitima inali itaipitirira kale. Iye anamufotokozera wophikayo kuti mbalame imeneyi nthenga zake zilibe mafuta ngati za bakha, ndipo pamalo athyathyathya singanyamuke yokha. Ikagwa, umakwera nayo pamwamba, n'kuilozetsa kumene kukuchokera mphepo, basi.

"Komatu ine ndimati ndikuibweza kwawo," anatero wophika uja.

"Munkaiona pamwamba pa madzi, achimwene. Munaionapo ili m'madzi?"

Wophikayo anangoyang'ana kumbuyo, kumene kadontho kakuda kankati kaoneke, kabisike, kaonekenso, mpaka panatsala mafunde okhaokha. Tsiku limenelo mpunga unapserera.

Abale anga, wophika ameneyu ndi ife. Mnzathu wasiya mowa, wayamba kupemphera nafe, mwezi wachitatu tamupeza wagwa. Timati chiyani? Musiyeni, kwawo n'komweko, abwerere kwa anzake. Mtsikana walakwa, tamuchotsa m'kwaya, palibe ndi mmodzi yemwe wopita kukamuona, ndipo amakamulandira ndi omwe aja anamugwetsa. Timachita zimenezi nkhope zili zachifundo, tikumati tisamukakamize. Amati safunsa anadya phula, koma apa wosafunsayo anatsala wamoyo, inafa ndi mbalame.

Pamene mwamupeza munthu atagwa si pamene Mulungu anamulengera. Wakugwayo akusowa manja omukweza, kuti mphepo ya Mzimu imunyamulenso. Anthu amene tawaponya m'madzi chaka chino mukuwadziwa ndi mayina omwe, ndipo ena mwa iwo akadakupiza mapiko. Tiyeni tibwerere tikawavuule sitima isanapite patali.