Miyala Pa Bulangete La Chikungwa

Kalekale, kuseri kwa phiri kumene chiperoni chimagwa ngati phulusa lonyowa, kunali mudzi. M'mudzimo munali mkamwini wina dzina lake Chikungwa. Anabwera ali mnyamata kudzakwatira Nangozo. Analima minda ya eni, anamanga nkhokwe za eni, anakumba manda a eni. Imvi zinamumera ali pomwepo, koma dzina lake linali lomwe lija: mkamwini.

Ana anabereka atatu. Woyamba Yotamu, wachiwiri Esinati, mzime Lameki.

Chaka chilichonse mphepo ya Juni ikayamba, chimfine chinkamupeza Chikungwa. Mphuno zinkatseka, mutu unkalemera, chifuwa chinkalira ngati chitseko chakale. Nangozo ankadziwa chochita. Ankathyola masamba a bulugamu ndi a mandimu, n'kuwiritsa mumphika. Akawira, ankaphula mphikawo pamoto. Mvetsani bwino apo, ndati ankaphula. Ankauika pakati pa miyendo ya mwamuna wake, n'kumufunditsa bulangete mutu wonse kuti nthunzi imulowe. Uko ndiko kufukiza. Ndiye iye ankakhala pambali, dzanja lili pansonga ya bulangete.

"Bambo a Yotamu, mukupuma?"

"Ndikupuma."

Pakapita kanthawi ankafunsanso. "Mukupuma, inu?"

"Ndikupuma, mkazi iwe! Ukufuna ndife kuti ukwatiwe ndi yani?"

"Ndi wopanda mamina."

Akamva kuti mawu ayamba kufooka, Nangozo ankakweza nsonga ija, kamphepo n'kulowa. Thukuta likatuluka ankamupukuta, n'kumumwetsa madzi ofunda a ndimu ndi uchi. Chimfine chinkapepuka, munthu n'kubwerera kumunda.

Ana ankaona zonsezi. Anaona masamba, anaona mphika, anaona bulangete. Dzanja lija sanalione.

Kenaka Nangozo anamwalira. Abale ake sanamusudzule Chikungwa kuti abwerere kwawo, komanso sanamuyese wawo. Ndi mmene amachitira anthu. Ukali ndi mphamvu amakuitana ndi dzina, ukakalamba amakulambalala ngati chitsa. Chikungwa anatsala yekha m'kanyumba. Yotamu anali atakwatira tsidya la mtsinje. Esinati anamanga pafupi. Lameki, ndevu zitamera kale, anali asanakwatire, ntchito yake inali bawo.

Juni anafikanso, ndipo chimfine cha chaka chimenecho chinabwera ndi ukali. Chikungwa anagona osadzuka. Esinati anamva kutsokomola, anabwera n'kuima pakhomo, osalowa.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ngati nkhuni yonyowa, mwanawe. Lowa."

"Ndili bwino pompano. Mungandipatsire, ana anga n'kuvutika."

Koma Esinati anaopa pakamwa pa anthu. Anaitanitsa alongo ake, nati, "Tikangokhala, mudzi utiimba nyimbo. Tiwafukize monga ankachitira amayi."

M'mawa mwake onse anafika, aliyense ndi chake. Yotamu anabwera ndi mandimu odzaza chipewa. "Awa ndiwo mavitamini enieni, bambo, oposa mapiritsi." Esinati anabwera ndi uchi m'kabotolo. Lameki anakwera bulugamu, nathyola masamba anthete. Anasonkha makala pambaula, mphika n'kuyamba kuwira. Chikungwa anawayang'ana ana ake, mtima unatsika. Anati m'kati mwake, kani ndinabala anthu.

Tsono panatsala funso limodzi: akhale ndani?

Yotamu anati, "Kwa apongozi kuli dima lero. Anthu onse akulima, ine ndikasowa adzati mkamwini ndi mlesi."

Esinati anati, "Chimanga changa chili pamzere kuchigayo. Ndikachedwa anditsogolera."

Lameki anati, "Ndiye ine ndine galu wolondera pakhomo?"

"Ulibe mkazi, ulibe mbuzi, ulibe munda," anatero Yotamu. "Ukhala ndiwe."

Awiriwo anapita. Lameki anakhala pampando. Sipanapite nthawi, anamva nkhomo za bawo zikulira pansi pa mtengo wa mango, anzake akuseka. Miyendo inayamba kumuyabwa. Ndipo anaganiza nzeru zake, nzeru za munthu waulesi, zimene nthawi zonse zimaoneka zochenjera.

Anati, ndikaphula mphika uzizira, ndiyambe kutenthetsanso. Analowetsa mbaula yonse, makala ali ngwee, mphika uli pamwamba, n'kuiika pakati pa miyendo ya bambo ake.

"Mwanawe," anatero Chikungwa, "amako ankaphula."

"Amayi anali ndi nthawi, bambo. Chonchi nthunzi siitha."

Anati, mkuluyu amakonda kufundukula msanga. Atawafunditsa, anatola miyala yopsinjira denga, n'kupsinja bulangete kumanja, kumanzere ndi kumbuyo.

Anati, mphepo ingalowe. Anatseka zenera ndi chiguduli.

"Ukhala pompano, Lameki?" Mawu anatuluka m'bulangete.

"Ndili pakhomo pompa, bambo."

Anakoka chitseko, ulendo wa kubawo.

Inu mukudziwa makala. Ali ndi mpweya wake wosaoneka, wosanunkha. Sumenya munthu, sumukuwitsa, umangomugoneka. Chikungwa anamva mutu ukuzungulira. Anayesa kukweza bulangete, koma manja anali atafooka ndi matenda, ndipo miyala inagwira. Anadikira kuti wina amufunse. Zaka zonse zija ankafunsidwa.

Mayi wina wochokera kuchitsime anadutsa kuseri kwa nyumbayo, ndowa ili pamutu. Anamva mawu m'katimo.

"Ndikupuma."

Anaima. Panalibe amene anafunsa. Anamvanso, motsitsa.

"Ndikupuma, Nangozo."

Mayiyo anati mkuluyu akubwebweta ndi malungo, ana ake alimo. Anadikira pang'ono, sanamvenso kanthu, n'kumapita ndi madzi ake. Mwala sufunsa munthu. Mwala sumva kuti mawu afooka. Mwala sukweza nsonga ya bulangete.

Lameki tsiku limenelo bawo linamuyendera. Anadya anzake onse. Anabwerera dzuwa litapendeka, akuimba mluzu. Anatsegula chitseko. Mphika unali utauma, masamba atakakamira pansi. Mandimu anali m'chipewa osadulidwa. Nyerere zinali zitapeza uchi. Anachotsa miyala, nafundukula bulangete. Bambo ake anali chikhalire, mutu uli pamaondo.

Pamaliro ana analira kuposa onse.

"Ine ndinabweretsa mandimu!" analira Yotamu.

"Ine uchi, uchi weniweni wa m'mng'oma!" analira Esinati.

"Ine ndinakwera mumtengo, onani zikande!" analira Lameki.

Adzukulu okumba manda anangopitiriza ntchito yawo. Atakwirira, mkulu wawo anapita kukanyumba kaja, natola miyala ija, n'kudzaiika pamtumbira. Anati, "Iyi ndiyo inakhala nawo mpaka mapeto. Ikhale nawo ndithu."

Maliro asanaiwalike, chimfine chinawagwira onse atatu. Mphuno zinatseka, mitu inalemera, zifuwa zinalira. Bulugamu analipo, mandimu analipo, mphika unalipo. Esinati anawiritsa masamba, naphula bwinobwino.

"Achimwene, bwerani ndikufukizeni."

Yotamu anayang'ana bulangete, nayang'ana mlongo wake. "Kuchigayo kulibe mzere lero?"

"Ndiye mundifukize ine," anatero Esinati.

Koma atangotero, anabweza mawu. "Ayi, nanga kukagwa dima?"

Onse awiri anatembenukira kwa Lameki. Lameki anayang'ana pansi. Palibe analola kufunda, chifukwa aliyense ankamudziwa m'bale wake. Madzi anazizira mumphika. Anatsokomola Juni yense, ndipo Juni aliyense wotsatira ankatsokomola chimodzimodzi, aliyense m'nyumba mwake, chitseko chili chotsegula, mpaka nawonso anamera imvi. Ana awo ankawatumizira mandimu.

Phunziro lake ndi ili, kwa amene ali ndi makutu. Ndimu ndi wabwino, uchi ndi wabwino, nthunzi ya bulugamu imatsegula mphuno. Koma moto wa makala sulowa m'bulangete, ndipo wodwala sasiyiridwa mwala. Mankhwala aakulu ndi munthu wokhala pambali, wofunsa kuti mukupuma. Amene amabweretsa mphatso n'kuima pakhomo ndi ambiri, ndimawadziwa ndi mayina. Wogwira nsonga ya bulangete ndiye wasowa.

Nthano yanga ndaiphula pamoto, yathera pomwepa. Wofuna kuitenthetsanso akatole nkhuni zake.