Njiri, Apongozi Ake ndi Kachikho ka Fodya

Padangokhalatu. Yankhani bwino, osati ngati nkhuku zonyowa. Eya, tili tonse. Manja asaleke kuswa mtedzawo, ine ndikufuna makutu okha. Ndipo iwe Mwatitha ndakuona, mtedza ukupita m'kamwa m'malo mwa m'lichero.

Kalekale, m'mudzi wa nyama wa kuseri kwa dambo munagwa nthenda yoyetsemula. Inkayamba ngati masewera. Etsi, etsi, anzako n'kumakuseka. Kenako inkatsikira m'chifuwa. Achinyamata ankagona nayo n'kudzuka atawonda, koma okalamba ikawafika m'chifuwa, ambiri sankadzukanso.

Mankhwala analipo, muzu wina wowawa kwabasi, ndipo wodziwa kuukumba anali Chiuli yekha. Muzuwo unkapezeka movutikira, komanso unkathandiza pokhapokha nthenda isanakhazikike m'chifuwa. Ndiye Chiuli, munthu wosachedwa kupsa mtima, anasonkhanitsa mudzi nati: "Sindingamwetse nonsenu. Amene wayamba kuyetsemula akhale m'nyumba, ndipo atchule amene anakhala nawo pafupi, amene anadya nawo, amene anamwa nawo. Amenewo ndiwo tiziwathamangira ndi muzu."

Nzeru yabwino. Koma ntchito yofunsayo anapatsa ndani? Nkhanga. Akuti poti ali ndi liwiro. Liwirolo analidi nalo, koma pakamwa, ana inu, pakamwa. Mukuwadziwa anthu aja oti ukawauza nkhani m'mawa, masana ukaimva kuchigayo itakula kuposa mwini wake? Nkhanga anali wotero.

Woyamba kufunsidwa anali Nungu. Nkhanga anaima pakhomo n'kuyamba kanyimbo kake:

"Unali kuti, unali ndi yani?
Unadya chiyani, unadya ndi yani?"

Nungu, mwa mantha, ananena zoona. "Kunyumba kuno ndinatsanzika kuti ndikukasema mipini, koma ndinali kumowa kwa Nyani. Tinkalandirana chipanda chimodzi, ine ndi Gwape."

Mukuganiza Nkhanga anathamangira kwa Gwape ndi muzu? Ayi ndithu. Anayamba wakwera pachulu cha pakati pa mudzi, n'kutukula khosi. "Tamverani kuno nonse! Nungu sanapite kumipini, anali kumowa! Ndipo Gwape, yemwe uja amalumbira kuti mowa sanaulawepo chibadwire, anali pomwepo!"

Mudzi unaseka mpaka kugwira nthiti. Mkazi wa Nungu anamuphikira therere lopanda mchere mpaka kuchira. Gwape akamadutsa, ana ankamutsatira akudzandira dala. Nyama zonse zinaona, ndipo zinaphunzira msanga. Kuyambira pamenepo Nkhanga akati "unali kuti, unali ndi yani," yankho linali limodzi khomo lililonse:

"Ndinali ndekha ndi mchira wanga."

Gologolo anali yekha ndi mchira wake. Nyani, mwini mowa, anali yekha ndi mchira wake. Ngakhale Chule, amene mchira anautaya ali mwana, naye akuti anali yekha ndi mchira wake. Mudzi wonse unasanduka wa anthu osachezerana, koma nthenda inkangoyenda khomo ndi khomo. Mbawala wokalamba, amene theka la mudzi linkapita kukacheza pakhonde pake, palibe anamutchula. Muzu unamupeza mochedwa ndipo anamuika m'manda. Pamenepa ine sipandiseketsa.

Tsono panali Njiri. Ameneyu anali mkamwini kwa a Namilanzi, nguluwe yokalamba ya mano awiri. Inu a masiku ano mumagwirana chanza ndi apongozi, mwina kudya nawo mbale imodzi. Kale kunalibe zimenezo. Mkamwini akaona apongozi ake panjira, wina ankalowa patchire uku, wina uko, n'kumapatsana moni atafulatirana. Pa mwambo umenewu Njiri anali katswiri. Tsiku lina pothawa apongozi anagwera m'chitedze, ndipo anakanda thupi mpaka madzulo osadandaula. Amayi a m'mudzi ankaloza amuna awo n'kumati, "Muzionera Njiri, mkamwini waulemu."

Koma Njiri anali ndi kachinsinsi. Iye ankakonda fodya wa m'mphuno, ndipo a Namilanzi ankadziwa kupera fodya kuposa aliyense. Dzuwa likafika pamutu, mudzi uli kumunda, awiriwa ankakumana kuseri kwa nkhokwe. Ankakhala phewa ndi phewa, kachikho ka fodya kali pakati, uyu kutsinako, uyu kutsinako, kuyetsemulirana kumaso, kwinaku akujeda mudzi wonse. Akatha, aliyense njira yake, ndipo madzulo akakumana panjira, phuu, patchire.

Tsiku lina Njiri anadzuka thupi likutentha. Etsi. Anati ndi fodya. Etsi. Anati ndi fumbi. Chiuli anamumwetsa muzu n'kumutsekera mu una wake, ndipo posakhalitsa pakhomo panamveka kanyimbo kaja.

"Unali kuti, unali ndi yani?
Unadya chiyani, unadya ndi yani?"

Njiri anaganiza za chulu. Anaganiza za amayi aja oloza amuna awo. Anaganiza za mkazi wake. Ndiye anati, "Ndinali ndekha ndi mchira wanga."

Nkhanga anapumira m'mwamba n'kupita.

Masana Njiri ali gone, anamva kuyetsemula kuchokera kuseri kwa nkhokwe. Iye ankakudziwa bwino kuyetsemula kwa apongozi ake. Kukakhala kwa fodya, ankamaliza ndi kuti, "Aaa, uyu ndiye fodya." Koma uku kunathera m'kakhosomo kouma. Njiri anadziwa kuti wawapatsira.

M'malo monena zoona, anayamba kuchenjera, ndipo nzeru za Njiri mukuzidziwa kuti n'zazifupi ngati miyendo yake. Anaitanitsa Nkhanga nati, "Paja ndinati ndinali ndi mchira wanga? Ndiye mwa lamulo la a Chiuli, mchirawo ulandire muzu wake." Iye ankafuna kuti muzuwo akautumize mobisa kwa apongozi.

Nkhanga anakanena, ndipo Chiuli anabwera yekha, maso ali psuu.

"Wodwala winayo ali kuti?"

"Ali kumbuyo kwangaku," anatero Njiri. "Ingosiyani muzuwo, ndimumwetsa ndekha. Ndi wamanyazi."

"Odwala anga ndimamwetsa ndekha," anatero Chiuli. Anatafuna muzu uja, n'kusakaniza ndi tsabola wa kambuzi, n'kupaka mchira wonse kuyambira kutsinde. Njiri anazungulira una wake ngati nguli. Mchira unaima njo, ndipo mpaka lero Njiri akamathamanga umaimabe choncho, mukadzamuona mudzandivomereza.

M'mawa mwake mkazi wa Njiri anaima kunja kwa una akulira. "Bambo a kuno, amayi sakudya. Akuti ndi fodya chabe, ndipo aliyense wowafunsa akumuthamangitsa ndi ndodo. Ndapita kwa a Chiuli. Akuti muzu watsala umodzi, ndipo amayi aja amayetsemula chaka chonse, sangautayire pa fodya poti wina unapita kale kumchira. Akuti aupereka kwa munthu amene watchulidwa ndi wodwala. Nanga amayi angatchulidwe ndi ndani? Sayenda, sachezera munthu."

Manyazi anamugwira Njiri, mantha anamugwira, ndipo mchira unali ukuwawabe. Anadziwanso chifukwa chimene apongozi ankakanira matenda: nawonso ankaopa chulu chomwecho. Mkazi atachoka, anaitanitsa Nkhanga.

Nkhanga anafika akukoka miyendo, ndipo kanyimbo sanaimbe. "Ngati ndi za mchira, ndatopa nazo. Ndafunsa mudzi wonse, michira yokhayokha."

"Mwazifuna nokha," anatero Njiri. "Munthu akuuzeni zakukhosi, inu kukakwera nazo pachulu? Mbawala uja tinamupha ndife ndi bodza lathu, koma bodzalo munatiphunzitsa ndinu."

Nkhanga anavomera nati, "Ndikudziwa. Ndinali pamaliro paja, ndipo palibe anakhala nane pafupi."

"Ndili ndi dzina," anatero Njiri. "Koma likakwera pachulu, ine m'mudzi muno ndasamuka."

"Ndikulonjezeni chiyani? Pakamwa pangapa ngakhale ine mwini sindipakhulupirira. Nkhani ikandilowa m'khutu imangotulukira yokha." Anaganiza pang'ono. "Tichite chonchi. Ndikatenge muzu kaye, ndiulume ndi mlomo, ndiye mundiuze. Ndi muzu kukamwa sindingayankhule mpaka nditafika kwa mwini dzina."

"Nanga pobwerera, kukamwa kuli pululu?"

"Ndidzaluma mwala."

Nkhanga anathamanga kukauza Chiuli kuti dzina lapezeka, ndipo anabwera muzu uli kukamwa. Njiri anasuzumira uku ndi uku, n'kunong'ona zonse: nkhokwe, kachikho, phewa ndi phewa.

Mayo ine, Nkhanga! Maso anatong'oka. Khosi linatupa. Nkhani yokoma chonchi, ya mkamwini waulemu yemwe uja, ndiye osainena? Inamutentha m'mutu mpaka nthenga zapamutu zinathothoka, ndipo dazi lakelo ali nalo mpaka pano. Koma muzu sanaulavule.

Panjira anakumana ndi Nyani. "Amayi, liwiro limeneli mukupita kwa ndani?"

"Mmm."

"Watchulidwa ndani? Tangonditsinani khutu, ine sindiuza munthu."

"Mmm, mmm."

Anadutsa pafupi ndi chulu. Miyendo inakhotera yokha komweko, poti inazolowera. Anaikoka, n'kupitirira.

A Namilanzi anawapeza kuseri kwa nkhokwe atafunda chiguduli, ndodo ili pambali. Nkhanga anaika muzu pansi nati motsitsa mawu, "Amayi, wodwala wina wakutchulani. Pachulu sindinakwere, ndipo sindikwera. Imwani."

"Ine ndinali ndekha ndi mchi..." Chifuwa chinawadula mawu. Anakhosomola mpaka misozi. Atapuma anayang'ana muzu, anayang'ana Nkhanga, n'kuutola. Anatafuna nkhope itakwinyika, kenako anafunsa, "Wanditchulayo ndi uti? Wamkulu, wapakati, kapena wamng'ono uja?"

"Mukuti chiyani, amayi?"

"Akamwini anga. Onse atatu amabwera kuseri kuno, aliyense nthawi yake, ndipo aliyense amayesa kuti wochimwa ndi iye yekha. Poti mwati pachulu simukwera, pitani kwa onsewo. Wamng'onoyo anali pano dzulo."

Nkhanga anatola mwala msangamsanga, koma anaumeza. Anatola wina, naumezanso. Wachitatu ndiwo unakhala. Mukadzapha nkhanga mudzaone m'nthutumba mwake, timiyala timeneto mudzatipeza.

Anapita kwa akamwini ena awiri aja mwakachetechete, aliyense payekha, ndipo iwo anakhala m'nyumba mpaka Chiuli atakumba mizu ina. Nyama zinadikira kumva mfuu pachulu. Kunali zii. Zinadikiranso. Zii. Kenako Gologolo anaitana Nkhanga pambali nati, "Kunena zoona, mchira wanga uja unali ndi anzake awiri." Chule naye anakumbukira kuti mchira alibe. Mayina anayamba kutuluka, muzu unayamba kufika nthawi yabwino, ndipo nthenda inasowa kolowera.

A Namilanzi anadwala kwambiri, poti muzu unawapeza nthenda itagogoda kale m'chifuwa. Koma anadzuka.

Njiri atatuluka mu una, tsiku lina anawaona akubwera panjira ya kudambo, atawonda, akuyenda ndi ndodo. Phuu, iye patchire uku. Phuu, iwo patchire uko. Anafulatirana monga mwa mwambo.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Ndadzuka, bambo. Akuti alipo wina amene ananditchula. Ine sindikumudziwa." Kenako anapitiriza: "Mukadzamuona mudzamuuze kuti zikomo. Mudzamuuzenso kuti anachedwa. Mphuno yangayi inafa, fodya sindikumumvanso ngakhale pang'ono. Akanati achedwe tsiku lina limodzi, bwenzi akundilimira pamanda."

Njiri anamva tchire likuphwanyika, apongozi akupita. Atatulukira panjira anapeza kachikho kaja kali pakati pa njira, kodzaza fodya wopera bwino, womaliza. Sanathe kukatola ali chiimire. Anagwada ndi maondo akutsogolo, n'kulira ngati mwana. Ndipo kuyambira tsiku limenelo, Njiri akafuna kutola kanthu pansi, ngakhale udzu woti adye, amayamba wagwada.

Musandifunse kuti ine ndinazimva kwa ndani. Kwa Nkhanga ayi, ameneyo mpaka lero sanauze munthu.

Ndiye mumve, ana inu: wofunsa azisunga pakamwa kuti anthu amuuze zoona, ndipo wofunsidwa asabise dzina, chifukwa amene wamubisayo ndi amene mankhwala samupeza.

Yathera pamenepo. Bweretsani lichero ndione ngati mtedza watsalako.