Nguluwe ndi Kamphepo ka Nalimata

Kalekale, ana inu, agogo anu asanamere mano, kunali Nguluwe. Nguluweyu anali ndi nyumba yaikulu yosinjiramo chiponde, ndipo nyama zambiri zinkagwira ntchito mmenemo. Koma nsanje yake, mayo ine! Mnzake akagula chipewa, iye mutu unkayamba kumuwawa.

Tsiku lina anaona Fulu akudutsa pamsewu, mphuno m'mwamba, akununkhiza mtedza wokazinga.

"Fungo langa limenelo!" anakuwa Nguluwe. "Mpaka kununkhiza ulere?"

Tsiku lomwelo anamata mazenera onse ndi dothi, phaa! phaa! Chitseko n'kutseka. Mwini wake n'kukakhala panja, pamthunzi wa mkuyu.

M'kati muja zinthu zinavuta. Utsi wa paphale unkangozungulira, kusowa potulukira. Fumbi la mtedza lili koboo. Makoma ananyowa, chuku n'kumera. Antchito anayamba kudwala: uyu mutu, uyu maso kuyabwa, uyu kusinza ali chigwirire munsi. Lamulungu akakhala kwawo, onse bwinobwino. Lolemba akangolowa, khoso! khoso! khoso!

Wotsokomola kwambiri anali Gologolo, mayi wamasiye wa ana anayi. Nguluwe anamumva ali panja, nasuzumira pakhomo.

"Ulesi umenewo! Matenda anji opuma Lamulungu? Mverani, Lachisanu ndidzaima pano. Amene adzatsokomole, ntchito yatha."

Gologolo analira. Ana anayi adzadya chiyani?

Tsono Nguluwe asanatseke chitseko, diso lake linagwera pa Nalimata, amene ntchito yake inali yogwira ntchentche pamakoma. Nalimata sankatsokomola. Khungu lili see, maso ali mbee, mphuno ataigunditsa pakamng'alu kakang'ono ka pazenera lomatidwa, pamene pankalowa mphepo.

"Iwe, ukutani pamenepo?"

Nalimata anayang'ana Gologolo, nayang'ana Nguluwe, nzeru n'kubwera.

"Palibe, bwana. Ndi kamphepo kanga chabe. Musavutike nako, si ka anthu akuluakulu."

Kamphepo kake! Mtima wa Nguluwe unachita kuti thu. Taganizani, ana inu: munthu wokhala panja tsiku lonse, mphepo ya dziko lonse ikumuwomba, koma kumva kuwawa chifukwa cha kamphepo ka pamng'alu! Anapita pamkuyu paja, koma pansi panatentha. Anadzuka, anakhala, anadzukanso. Kanalimata kopanda ndi ubweya womwe kukhala ndi chinthu chimene iye alibe?

Anabwerera. "Choka apo!"

Anaikapo mphuno, koma mphuno ya nguluwe mukuidziwa. Inatseka mng'alu wonse.

"Sizikutuluka!"

"Pepani bwana, bowolo ndi la msinkhu wanga."

"Ndiye ine ndiboola la msinkhu wanga!"

Gu! gu! gu! ndi mano aja. Dothi gumu! Zenera lonse n'kutseguka. Nguluwe anapumira m'mwamba, nacheuka kuti aone Nalimata akulira. Koma Nalimata anali atakakamira kale pakhoma la kum'mawa, maso atatsinzina.

"Aaa, koma iyi ndiye mphepo! Ya uko ija ndi makombo."

"Makombo? Ine bwana ndizipuma makombo?"

Gu! gu! gu! Dothi gumu!

Nalimata uyo, wathamangira kumpoto. "Inu a Gologolo, musawauze bwana. Ya kuno ikuchita kuzizira ngati madzi a mumtsuko."

"Ndamva! Ndamva ndi makutu anga!"

Gu! gu! gu! Dothi gumu!

Anagumula kumadzulo, anagumula kummwera. Nalimata atakwera kudenga, Nguluwe anakwera pamtondo, naboola ndi denga lomwe, n'kugwa chagada, khu! Anadzuka mphuno itatupa, kukhosi kutadzaza dothi, koma akumwetulira.

"Tsopano mphepo zonse ndi zanga. Watsala ndi chiyani, iwe?"

"Mwandilanda zonse, bwana," anatero Nalimata, nkhope ili gwa. "Ndine wosauka."

Mphepo inalowa uku n'kutulukira uko. Utsi unapita, makoma anauma, mitu inapepuka.

Lachisanu linafika. Nguluwe anaima pakhomo, makutu ali tcheru. Gologolo ankasinja, chifuwa chili zii. Nyumba yonse kunkangomveka minsi yokha. Nguluwe anadikira, anadikira. Kenaka dothi lija linayamba kumukanda kukhosi. Anameza malovu. Anatseka pakamwa. Masaya anafufuma, misozi n'kulengeza.

Khoso! Khoso! Khosooo!

Minsi yonse inaima.

"Bwana," anatero Nalimata mwaulemu, "katundu wanu tikunyamulireni, kapena munyamula nokha?"

Nyama zinaseka mpaka kugwira nthiti. Nguluwe, manyazi atamugwira, analiyatsa liwiro la kuthengo. Gologolo anapukuta misozi, natola munsi wake, ndipo madzulo ana ake anadya.

Nthano yanga yagonera pamenepo. Amene anakwirira mbatata akaphule isanapserere. Koma mukamakula muzikumbukira: wansanje sapemphedwa zenera. Mungomuuza kuti mnzake ali nalo.