Nangondo ndi Mwana Wake wa Kutsidya

Kalekale, mwana wanga, chipani chathu cha asisiterechi chisanakhale n'komwe ndi dzina, kunali mayi wina wamasiye, dzina lake Nangondo. Anali woumba mbiya. Mwana anali naye mmodzi yekha, mtsikana, Modesta.

Masiku amenewo munthu akadwala khate ankamupirikitsira kutsidya kwa mtsinje. Ndipo aliyense wowolokera kumeneko, wodwala kaya wabwinobwino, sankaloledwa kubwerera kumudzi. Linali lamulo.

Tsiku lina Modesta akutunga madzi, anaona mayi wakhate atagwada tsidya linalo. Zala analibe. Akatapa madzi, madzi atayika. Akatapa, atayika. Modesta anakwinya nsalu yake, nawoloka, namumwetsa ndi chikho chake.

Anzake otunga madzi anathamanga kukauza Nangondo. Nangondo anafika pamtsinje dongo lili m'manja.

"Modesta, bwerera. Ndikakupepesera kwa anthu."

"Amayi, kuno kuli anthu makumi awiri, wowamwetsa palibe. Ambuye Yesu ali ndi ludzu kuno. Wolokani, tikhale tonse."

"Mwana ndiye amapita kwa mayi ake," anatero Nangondo. Anatembenuka, napita kwawo.

Koma mtima unatsala pamtsinje. Akamayala mphasa, ankayala ziwiri. Akamva mapazi pabwalo, ankasiya mbiya n'kusuzumira. Ayi, ndi mbuzi. Ayi, ndi mphepo.

Mvula yoyamba itagwa, namzeze anabwera kudzamanga chisa pakhonde pake. Nangondo anamufunsa:

"Namzeze, iwe wouluka mpaka kutsidya, wamuona mwana wanga?"

"Ndamuona. Akutsuka zilonda, ali yekha."

"Amanditchula?"

"M'mawa uliwonse. Akuti bwerani."

"Kamuuze abwere iyeyo."

Chaka chinatha. Mvula inagwanso, namzeze anabweranso.

"Namzeze, wamuona mwana wanga?"

"Ndamuona. Salinso yekha. Atsikana atatu awoloka kukamuthandiza. Wansembe wafika wapansi, wawadalitsa, wawaveka nsalu zoyera kumutu."

"Amanditchula?"

"M'mawa uliwonse. Akuti bwerani."

"Kamuuze abwere iyeyo."

Zinatero, zinatero. Nangondo ankapita kumtsinje ngati wofuna dongo, n'kubisala m'bango atavala nsalu yake yofiira, kuyang'ana utsi wa kutsidya. Nthawi zina ankamva atsikana aja akuimba, iye n'kumatchera khutu kuti atole mawu a mwana wake pakati pa enawo. Phazi limodzi ankaliviika m'madzi. Kenako mantha, kenako manyazi, n'kubwerera.

Chaka chachisanu ndi chiwiri namzeze anateranso pakhonde.

"Namzeze, wamuona mwana wanga?"

"Ndamuona. Korona ikumupulumuka m'manja popemphera. Matenda aja amugwira."

"Akuti ndibwere?"

"Chaka chino sanatero. Akuti musamuone chonchi."

Nangondo sanatseke ngakhale chitseko. Mtsinje unali utadzaza, madzi anamufika m'khosi, koma anawoloka.

Kutsidya anapeza timakumbi taudzu, kachalichi kamitengo, ndi atsikana a nsalu zoyera okwana khumi. Pakhomo lina panakhala mayi wowonda, nkhope itasintha, akuphunzitsa mtsikana kumanga chilonda. Nangondo anamupitirira. Sanamuzindikire.

"Amayi."

Mawu okha ndiwo anali omwe aja.

Modesta anabisa manja munsalu. Nangondo anagwada, nawatulutsa, nawaika pamasaya ake.

"Mwanawe, unandisiya."

"Ndinakusiyani, amayi. Koma palibe tsiku lomwe sindinakusoweni. Ndinkati ndikamasambitsa nkhalamba, ndizinena mumtima kuti awa ndi amayi anga."

"Ine ndinali pabango paja."

"Ndinkakuonani. Nsalu yanu yofiira ija siibisika. N'chifukwa chake ndinkaimba mokweza."

Analira onse awiri, kenako anaseka.

Kuyambira tsiku limenelo Nangondo ndiye ankasambitsa Modesta, monga ankachitira ali khanda. Ankamudyetsa. Korona ankamugwirira, mwana akunena mapemphero, mayi akuwerenga mikanda. Anakhala limodzi dzinja limodzi lokha. Chimanga chitacha, Modesta anatsogola kwa Ambuye.

Atsikana aja anati, "Amayi, kwanu sakakulandiraninso. Khalani nafe."

Nangondo anakhala. Anawaumbira odwala timiphika ta makutu akuluakulu, toti munthu wopanda zala akhoza kukoleka ndi mikono. Anatsuka zilonda, anaika maliro, anatonthoza atsikana atsopano olira kwawo. Zaka makumi awiri anagwira ntchito ya mwana wake. Koma kumusowa sikunathe. Atsikana akamaimba, iye ankatcherabe khutu.

Atakalamba, nagona mphasa yake yomaliza, anaitana atsikana aja.

"Mukandiike pambali pa mwana wanga. Ndipo musadikire anthu akutali. Ndinachedwa kale zaka zisanu ndi ziwiri."

Anamuika tsiku lomwelo.

N'chifukwa chake, mwana wanga, tikamatchula oyera amene anayambitsa chipani chathu, timatchula awiri: amene anawoloka msanga, ndi amene anawoloka mochedwa. Iwe ukulira mayi ako, usaganize kuti walakwa. Modesta anatumikira akulira mayi ake, Nangondo anatumikira akulira mwana wake. Koma amene ukumusowa akadali ndi moyo, usamudikire kuti ayambe ndiye. Mawa ukawalembere kalata mayi ako.

Nthano yangayo yathera pamenepa.