Nyimbo Imene Inavula Kamtedza

Kalekale, zigayo zisanabwere, m'mudzi wina munali mwambo wakuti nyimbo ya pamtondo siyimbidwa mlandu. Mkazi ankaimba chilichonse chomuwawa, bola munsi uli m'manja.

M'mudzimo munali mkamwini, dzina lake Kamtedza, amene ankamenya mkazi wake Nankhoma pomunena kuti ndi chumba. Chonsecho sing'anga anali atawauza awiriwo kuti vuto lili kwa bamboyo. Nankhoma anabisa nkhaniyi zaka zisanu, akudya ndodo.

Tsiku lina posamba kumtsinje, mnzake wa pachinamwali, Nachanza, anaona zipsera kumsana. Nankhoma anaulula zonse, nati, "Mnzanga, zithere pompano. Akadziwa anthu, amuna anga sadzayendanso."

Nachanza analumbira, koma pakamwa panamuyabwa. Anapita kwa Nangozo, mayi wodziwa kupeka nyimbo. "Amayi, ine ndalumbira kuti sindinena pagulu. Koma inu mutha kuimba."

Nangozo anaimbadi pamtondo, osatchula dzina:

Tambala wolephera, ee,
ajompha thadzi poti mazira sakuswa!

Dzoole, mlongo wake wa Nankhoma, atamva nyimboyi anazindikira, mtima unamupsa. Anakaiimba pamowa, alamu akewo ali pomwepo, nawonjezamo dzina. Iyetu m'manja analibe munsi, anali ndi chipanda.

Ndodo inathadi. Kamtedza anapinda mphasa yake nachoka, ana akumuimbira nyimbo ija mpaka kudambo, ndipo sanamvekenso. Koma Nankhoma sanathokoze munthu. Anangoti, "Ndinkafuna aleke kundimenya, osati ayende wamaliseche. Ndamuvula ndine."

Nachanza ankamuzemba panjira. "Ndinaswa lumbiro," ankatero, "koma ndikanakhala chete bwenzi titaika maliro."

Dzoole ankati, "Ndinanama kodi?" Koma ankanena atazolika.

Nangozo ndiye zinamuwawa kwambiri, moti sanapekenso nyimbo. Amayi anayamba kusinja duu, ndipo ena awiri amene ankamenyedwa m'mudzimo anasowa pokanenera.

Tsono weruzani inu, ine zandikanika. Wolakwa ndani: woswa lumbiro, wopeka nyimbo, kapena woikamo dzina? Nanga ine, amene ndangokuuzani za m'nyumba mwa eni, ndi mayina omwe, mundiika pati?