Malenzi a Malume

Panali munthu wina wojambula zithunzi pa boma lina, amene anali ndi malenzi atatu akale. Lenzi, kwa inu osadziwa, ndi galasi lija la kutsogolo kwa kamera. Atatuwo anamusiyira ndi malemu malume ake, amene anamuphunzitsa ntchitoyo. Anali achitsulo, olemera m'manja, ndipo wojambulayu ankawapukuta ndi mpango wake wa kutchalitchi.

Atagula kamera yamakono, malenzi aja anakana kulowa. Iye sanagonje ayi. Anapeza mphete yachitsulo yolumikizira, zinthu n'kugwirana. Komatu lenzi yakale siyisaka yokha nkhope ngati zamasiku ano. Umachita kuipotokola ndi dzanja, diso lili tcheru, mpaka munthu aoneke bwino. Kwa munthu wokhala phee pampando zinkatheka ndithu.

Tsono tsiku lina anamuitana kuchinkhoswe. Mukudziwa mmene zimakhalira. Amabweretsa atsikana atawafunditsa zitenje, akuchimuna n'kumavundukula mmodzimmodzi kufuna wawo. Akamupeza, nkhope ija imawala kanthawi kochepa, nthungululu n'kulira, amayi n'kudzaza bwalo. Nthawi yonseyo mkulu wathu anali akupotokola. Chithunzi chinatuluka chambuu, mtsikana ngati waima mu utsi. Mayi wake anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti, "Ameneyu ndi mwana wanga?"

Wojambula uja anati vuto ndi mphete. Anaipala ndi tupa. Anatsenderamo kapepala. Anagula ina. Chinkhoswe chotsatira, utsi womwe uja. Koma ndiye kukakamira!

Mkazi wake anati, "Abambo a Mwandida, mphete yalakwanji? Paja dzulo ulusi mu singano ndinakulowetserani ndine."

Anapsa mtima zedi, chifukwa zinali zoona.

Kenaka chinkhoswe cha Mwandida, mwana wawo mmodzi yekhayo, chinayandikira. Mwanayo anati, "Ababa, pa tsikulo oyendetsa zinthu ndi ankhoswe, inu mudzangokhala. Sindikufuna mlendo andijambule. Mudzandijambule ndinu."

Bamboyo anatenga kamera, n'kuuza mkazi wake kuti afunde chitenje pabwalo ndi kuchivundukula mwadzidzidzi. Anajambula. Utsi. Anabwereza, mayi akuseka, iye thukuta kamukamu. Utsi. Apo anasiya kunamizira mphete.

M'mawa mwake anakulunga malenzi onse atatu mu mpango uja n'kukwera basi ya kutauni. Mwini sitolo ya makamera atawaona anadzuma.

"Achimwene, awa ndi abwino kuposa ena amene ndimagulitsa muno. Mwatsimikiza?"

"Ndikudziwa kuti ndi abwino," anayankha wojambula uja. "Sanakalambe iwowa, akalamba ndi maso angawa. Tengani onse, mundipatse imodzi yosaka yokha nkhope."

Anasinthana. Sindikubisirani, munthuyu analira m'basi pobwerera. Koma mpangowo anaupinda n'kuika m'thumba, ndipo sanatsike kuti abwerere.

Tsiku linakwana. Anavundukula woyamba, si iye. Wachiwiri, si iye. Atachotsa chitenje cha wachitatu, Mwandida anadzutsa mutu, maso ake n'kupeza bambo ake m'khamumo. Kamera inalira kamodzi, amayi n'kudzaza bwalo. Pachithunzicho panaoneka chilichonse: kumwetulira, kachipsera ka pachibwano, ngakhale msozi umene unali usanagwe.

Tsono inu mwakhala apa, ndimveni bwino. Sindikuti tayani chinthu chifukwa n'chakale. Malenzi aja ali m'manja mwa wina wa maso akuthwa, ndipo akugwira ntchito. Ndikuti pali zina zimene mukuzipala ndi tupa chaka ndi chaka, mukudziwa bwinobwino kuti vuto silili pamenepo. Mumati mukulemekeza amene anakusiyirani. Malume aja sanaphunzitse mwana wa mlongo wawo kusunga chitsulo, anamuphunzitsa kujambula anthu. Yang'anani amene waima patsogolo panu akudalira inu, muvomere chimene chafooka, musinthe lero. Chitenje chija savundukula kawiri.