Lumo la Nasimelo

Kalekale, patsinde pa phiri lina panali mudzi, ndipo m'phirimo munkakhala mimbulu, agalu am'tchire osaka m'gulu aja. Inkagwira agwape ndi nguluwe. Anthu a pamenepo anali ndi mwambo wawo: ukapeza mimbulu itapha nyama, unkadula mwendo umodzi basi, yotsalayo n'kusiyira eni ake. Motero mimbulu sinkatsikira kumakhola, ndipo nguluwe sizinkachuluka m'minda.

M'mudzimo munali abale atatu, Gwedeza, Kamtengeni ndi Dzoole. Mlongo wawo Nasimelo anali mkazi wamasiye, ndipo anali ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana dzina lake Ndaziona.

Gwedeza, wamkuluyo, anali wadyera losasimbika. Akapeza mimbulu ili pa nyama, ankaipirikitsa ndi chikuni chamoto n'kusenza nyama yonse, ndi matumbo omwe. "Galu n'kumugawira nyama ngati mlamu wako?" ankatero akuseka. Mimbulu itatopa ndi kugona ndi njala, inatsika n'kuyamba kugwira mbuzi.

Mbuzizo zinali za Kamtengeni, munthu wa mtima wapachala. Sanafunse n'komwe chimene chatsitsa mimbulu m'phiri. Anapaka ululu pa nyama ya mbuzi n'kukaisiya m'njira yawo, ndipo kutacha mimbulu ikuluikulu yonse inali gonegone, itauma.

Dzoole, wamng'onoyo, akufuna uchi m'phiri, anamva kulira kuchokera mu una wina. Anali ana a mimbulu ija, oonda, akudikira amawo amene sadzabweranso. Chifundo chinamugwira. "M'malo moti muzunzike ndi njala, bola mugone lero," anatero, ndipo anasonkha moto pakhomo pa unawo mpaka kulira kunatha.

Mudzi unavina ndithu, anthu osadziwa kuti akuvinira tsoka lawo. Posakhalitsa nguluwe zinaswana ngati mbewa. Zinkafukula chinangwa, kugwetsa chimanga, mpaka kumalowa m'minda dzuwa likuswa mtengo, popeza panalibenso choziopsa. Tsiku lina m'mawa Nasimelo anadzuka ndi malungo, ndipo Ndaziona anapita yekha kukalondera munda kuti asafe ndi njala. Anakumana ndi nguluwe yaikazi ya ana. Anthu pofika, anapeza mtsikanayo atang'ambidwa ntchafu, ndipo anatsirizikira m'manja mwa amalume ake ali m'njira.

Ataika maliro, linafika tsiku lometa, loti anamfedwa achotse tsitsi kuti chisoni chichoke pamudzi. Onse anametedwa, koma Nasimelo anafumbata lumo n'kukana.

"Alongo anga," anatero, "sindikufuna mbuzi kapena nkhuku ya chipepeso. Mutu wangawu andimete amene wandiphera mwana. Akandigwira yekhayo ndi manja ake, ndimukhululukira. Akandimeta wina, tsitsi lichoka koma maliro akhala."

Mukuganiza kuti analozana zala? Ayi. Manyazi ndi chisoni zinali zitawadya kale.

"Ndine, mlongo wanga," anatero Gwedeza, maso ali pansi. "Ndikanasiya nyama ija monga ankachitira makolo, palibe mbuzi ikanagwidwa. Mimba yangayi ndiyo yadya mwana wako."

"Iyayi achimwene, inu munangoba nyama," anatero Kamtengeni. "Wopha ndine. Khola ndikanalimanga lolimba, koma ndinathamangira ululu. Mbuzi ndili nazo mpaka lero, ndipo ndikaziona mtima umandiwawa."

Dzoole naye anayankhula, misozi ili chuchuchu. "Inu nonse munasiyako mbewu," anatero. "Tiana tija ndikanatiponyera nyama, bwenzi lero phiri lili ndi alonda ake. Ine ndiye ndinatseka khomo, n'kumadziyesa wachifundo."

Atatu onsewo anatambasula manja. Nasimelo anawayang'ana mmodzimmodzi, osapereka lumolo, pakuti ankadziwa kuti awiri otsalawo adzasenza mlandu wawo mpaka kumanda popanda wowakhululukira.

Ine nkhaniyi ndaisinkhasinkha mpaka mutu kuwawa, ndipo yandikanika. Tsono inu amene mwaimva, tandiuzani: wadyera amene anayambitsa, waukali amene anapha, kapena wachifundo amene anamaliza, lumolo Nasimelo alipereke kwa yani?